Gold Reef City, uShaka kapena Sun City: koyamba mupite kuti ndi ana?

Ana akangotsala pang'ono kutsekera foni yanga imayamba kulira kuchokera kumudzi, ndipo funso limakhala lomwelo chaka ndi chaka: "Alamu tasungako kangachepe, tikufuna tibwere ndi anawa ku Joniko akakwereko zozungulira zija amaziona pa TikTok zija, nde tiyambire pati?" Ine kuno ndakhalitsa ndithu ndipo ndaperekezapo magulu osiyanasiyana, ena a tiana ta ku nazale, ena a anyamata a Fomu 3 odzimva kuti saopa kanthu, ulendo wina mpaka amalume okalamba ndithu analipo, nde ndinaona kuti malo omwe banja lina lachokako likuvina, banja lina limachokako likudandaula kuti ndalama zangolowa m'madzi.

Anthu amafunsa kuti malo abwino kwambiri ndi ati. Ine ndimabweza funso, chinthu choyamba chimene mukufuna anawo akachione ndi chiti? Sinanga pa ulendo ngati uwu chilichonse chimakhala choyamba, pasipoti yoyamba, boda yoyamba, mwina ndege yoyamba, masitepe oyenda okha a m'ma mall aja (mwana wa achemwali anga anakwera n'kutsika kasanu, tinachita kumukoka dzanja), nyanja yamchere, kenako ndi pomwe pabwere roller coaster. Mukafuna kupanikiza zonsezi m'masiku anayi anthu amangotopa, ayamba kukalipirana, pa zithunzi aliyense nkhope ili ndwii.

Tiyambe ndi kafikidwe kaye chifukwa theka la bajeti limathera pamenepa. Basi yochokera ku Blantyre imadutsa Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, Masvingo, kenako Beitbridge, nde Musina, Polokwane mpaka Joni. Ndi makilomita opitirira 1,700 ndipo muwerengere tsiku ndi theka, koma nthawi yeniyeni amakupatsani ndi Beitbridge osati dalaivala, mukapeza mabasi adzadza mutha kuima pamzere maola ambirimbiri usiku ana akulira tulo. A ku Lilongwe ambiri amatulukira pa Dedza. Ubwino wa basi ndi mtengo komanso katundu mumanyamula wokwanira, ndipo kwa ana akuluko ulendowo pawokha ndi sukulu, mwana woti Zambezi amangoiona pa mapu a Social Studies aione yeniyeni pawindo. Koma ngati muli ndi wa zaka zitatu kapena agogo a vuto la miyendo, ayi ndithu, sungani miyezi ina ingapo mukwere ndege. Malawi Airlines ndi Airlink zimafika ku OR Tambo, mlengalenga mumakhalamo maola awiri ndi pang'ono basi. Mabanja ena amachita mochenjera, kubwera pa ndege ana akadali ndi mphamvu, pobwerera pa basi chifukwa cha katundu wogula ku China Mall, ndipo ine njira imeneyi ndimaiona yanzeru.

Za mapepala, ife a pasipoti ya Malawi sitifunika viza kuno, amatipatsa masiku osapitirira 30, koma muziyang'ana chidindo chomwe akudindirani pa boda chifukwa tsiku lomwe alembapolo ndi lomwe limagwira ntchito, mukapitiriza amakuletsani kulowanso kwa chaka kapena kuposerapo. Mwana aliyense pasipoti yakeyake. Ngati mukubwera ndi mwana woti si wanu, kaya wa achimwene kaya wa alamu, tengani satifiketi yake ya kubadwa ndi kalata ya chilolezo ya makolo yodindidwa, mwina sakufunsani koma tsiku lomwe adzakufunseni mulibe basi ikusiyani.

Tsopano malo enieniwo.

Gold Reef City ndi yomwe ili pafupi, kum'mwera kwa tawuni ya Johannesburg, pa Uber kapena Bolt kuchokera ku Park Station ndi kanthawi kochepa. Ngati chomwe ana akulira ndi roller coaster, kuno ku South Africa malo ake ndi amenewa, musavutike ndi kufufuza kwina. Ena akuuzani za Ratanga Junction ya ku Cape Town, amenewo anabwera kalekale, malowo anatsekedwa mu 2018. Pa Gold Reef zoopsa zake zilipo zitatu zomwe aliyense amakamba. Anaconda, njanji imakhala pamwamba inu mwalendewera pansi pake miyendo ili lende, nde imakutembenuzani mutu pansi kangapo konse, mapatapata musavale chifukwa mukatsika phazi limodzi lili lokha. Golden Loop imakuponyani kutsogolo mwadzidzidzi, kuzungulira, kenako kubwerera chambuyo njira yomweyo, nthawi yake ndi yochepa kwambiri koma mukamatsika maondo akugundana. Nde pali Tower of Terror, iyi ndi nkhani ina, amakukwezani pang'onopang'ono pamwamba, kangolo kaja kaima kaye pamphepete inu mukuyang'ana pansi, kenako phoo! mamita pafupifupi 50 choongoka mpaka kulowa m'dzenje la mgodi pansi pa nthaka. Mnyamata wina wa kwathu amene ankati iye ndi dolo saopa kanthu anaitana amayi ake m'Chilomwe, chinenero choti kunyumba amakana kuti sachidziwa kkkk.

Oyamba kumene musathamangire zimenezi. Yambani ndi chigudumu chachikulu chija chozungulira pang'onopang'ono muone mzinda wonse, kenako za m'madzi monga Log Ride ndi Raging River Rapids zomwe zimangonyowetsa, kenako Jozi Express, thupi likazolowera ndi pomwe mupite ku Anaconda. Kudya mudye mukamaliza zazikuluzo, osati tchipisi ndi Fanta kaye kenako Golden Loop, ndinaonapo zotsatira zake pa malaya a munthu wosalakwa. Azimayi a mawigi mangani bwino kapena ikani m'chikwama, sindikuseka. Foni m'thumba la zipi.

Chomwe chimaliza ana ambiri pa geti ndi kutalika. Zokwera zikuluzikulu zimafuna munthu wofika mita 1.3 ndipo oyang'anira sanyengerereka, ulibe kuti "bwana tachokera kutali ku Malawi," ndodo yoyezera ndi yomwe imayankhula. Nde musananyamuke muimikeni mwanayo pakhoma mumuyeze ndi tepi ya atelala, ngati sakufika muuziretu kunyumba kuti zake ndi za ana, ndipo za ana ziliko zambiri ndithu, kusiyana n'kuti akamve pamzere anzake akulowa. Pali tikiti ina yotsikirako ya anthu ongoperekeza osakwera, agogo muwagulire imeneyo. Komanso yang'anani pa website masiku otsegula chifukwa nthawi ya sukulu masiku ena a mkati mwa sabata amakhala otseka, ndipo matikiti ndi bwino kugulira pa intaneti.

Koma chimene chimandipangitsa kuika Gold Reef patsogolo kwa ife Amalawi si zozungulirazo ayi. Malowa anamangidwa pa mgodi weniweni wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines, womwe unasiya kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1970, ndipo mpaka pano amatsitsa alendo pansi. Amakupatsani chipewa cholimba ndi tochi, mulowa m'chikhola cha zitsulo, mutsika mamita 75, pomwe mgodi weniweniwo unkapitirira makilomita atatu kuya. Mukatuluka amaonetsanso mmene amathirira golide wosungunuka mu chikombole. Aliyense wa ife ali ndi agogo kapena amalume omwe anapita ku Theba kukagwira ntchito m'migodi ya kuno, ena anabwera ndi njinga, wailesi ndi bulangete, ena anasanduka matchona osabweranso. Dzina loti Wenela lomwe timatchula depoti ya ku Blantyre lija linachokera ku bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya kuno. Mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu anaimitsa zotumiza anthu, zinayambiranso patapita zaka zochepa kenako n'kutheratu mu 1988. Amalume ndanena aja anagwirako m'migodi ya kuno ali mnyamata, osati mgodi umenewu koma wina, nde titatsika pansi paja anangoti zii, dzanja lili pakhoma, patapita kanthawi anayamba kufotokozera adzukulu mmene ankabowolera mwala atagwada, kutentha kwake, fumbi lake, mawu a Fanakalo, chilankhulo cha m'migodi, omwe akapitawo ankakalipira. Anthu ena omwe sitinabwere nawo anasiya kumvera wotsogolera uja n'kumamvera iwo ngakhale Chichewa samachimva. Ana omwe aja omwe m'mawa ankangoti Anaconda Anaconda, madzulo nkhani inali ya mgodi. Ngati muli ndi wamkulu wotere pabanja ndipo miyendo ikadali bwino, mutengeni.

Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum yomwe inatsegulidwa mu 2001, tikiti yake imakusankhirani khomo lolowera, la azungu kapena la omwe si azungu, kuti mulawe mmene zinalili. Ndi malo olemera mumtima, amafuna maola awiri atatu, ndipo si a tiana. Musaphatikize tsiku limodzi ndi zokwerazo, munthu sungachoke kokuwa pa Tower of Terror n'kukalowa mmenemo mutu uli bwino.

Kuipa kwa Gold Reef n'koti ndi ya tsiku limodzi, lachiwiri mubwereza zomwezo. Ndipo ngati gulu lanu ndi la tiana tokhatokha tosafika pa ndodo ija, mwalipira zambiri pa zinthu zoti theka simukwera.

Apa ndi pomwe uShaka Marine World ya ku Durban imalowera. Inatsegulidwa mu 2004, ili kumapeto kwa gombe la mzindawo kufupi ndi polowera sitima ku doko. Kuchokera ku Joni ndi makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa N3, basi maola 7 kapena 8, ndege ola limodzi ndi mphindi zochepa kukatera ku King Shaka, koma chenjerani ndi matikiti otchipa a ndege za mkati mwa dziko, ambiri sawerengera chikwama chachikulu, mumalipira padera. Roller coaster kulibe uku. Chomwe chiliko ndi mbali ziwiri zikuluzikulu, Sea World ya nsomba ndi Wet 'n Wild ya masilaidi a m'madzi, ndipo pali tikiti yophatikiza zonse ziwiri yomwe imatsikirako kusiyana ndi kugula payokhapayokha.

Ku Sea World mumalowa m'chisitima chomwe anachimanga ngati chakale chophwasuka, mutsika pansi mumdima, makoma ake ndi magalasi, kuseri kwake shaki zikungodutsa phee pafupi ndi nkhope yanu. Ife anthu a chambo, usipa ndi kampango timadziona ngati nsomba timazidziwa, koma apa munthu umakhala chete. Pali akamba a m'nyanja akuluakulu, nsomba zina zafulati ngati lichero zouluka m'madzi, ma penguin, ma seal, ndi chionetsero cha ma dolphin chomwe ana sachiiwala. Mukangolowa jambulani ndandanda ya nthawi za zionetsero nde tsiku lonse mulipange mozungulira nthawi zimenezo, ndipo mipando ya kutsogolo ku ma dolphin imanyowa, agogo akhale kumbuyo. Ubwino waukulu wa uShaka ndi umenewu, palibe yemwe amatsala panja, wa zaka ziwiri, wa zaka 15, mayi woyembekezera, agogo, onse akuona chinthu chimodzi nthawi imodzi. Ku Gold Reef banja limagawikana, ena pamzere ena pabenchi kusunga zikwama.

Ku Wet 'n Wild kuli masilaidi a misinkhu yonse, kuyambira a tiana mpaka Drop Zone yomwe ukaima pamwamba pake umayamba kukumbukira machimo ako, komanso kamtsinje koyenda pang'onopang'ono komwe umangokhala pa chubu madzi akukutenga. Apa nkhani ndi zovala. Chitenje, jinzi, kabudula wa zipi ndi mabatani a chitsulo sizoyenera pa silaidi, pamafunika zovala zosambira zenizeni, nde azimayi omwe simumasuka ndi zovala zoonetsa thupi gulani zazitali zofika m'maondo ndi m'mikono, zimapezeka m'masitolo wamba kuno ndipo palibe amene akuyang'aneni, Durban ndi mzinda wa anthu a zipembedzo zosiyanasiyana, ovala modzilemekeza m'madzi ndi ambiri. Osadziwa kusambira asachite manyazi kunena.

Kenako nyanja yeniyeniyo, yomwe ndi yaulere, ili pakhomo pomwepo. Anthu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay ndimvereni apa, kudziwa kusambira ku nyanja yathu si chiphaso cha Indian Ocean. Funde lake limakugwetsa kenako madzi pobwerera amakukoka miyendo, ndipo pali malo ena omwe madzi amathamangira mkati ngati mtsinje. Sambani pakati pa mbendera pomwe pali opulumutsa anthu basi, akaimba wezulo tulukani. Koma nkhope ya mwana akalawa madziwo koyamba n'kupeza kuti ndi amchere zoona, ngakhale munamuuza kakhumi, imeneyo ndi yomwe mudzaikumbuke kuposa zonse. Chinanso, chichitikireni madzi osefukira a mu April 2022 omwe anaononga mapaipi a zonyansa, magombe ena a Durban amatsekedwa nthawi zina madzi akapezeka kuti sali bwino, nde funsani ku malo ogona kuti lotsegula ndi liti tsiku limenelo. Madzulo yendani pa msewu wa oyenda pansi wa m'mbali mwa gombe, jambulitsani ndi okoka rickshaw ovala zipewa za mikanda ndi nyanga, ndipo mulawe bunny chow, buledi woboola pakati wothiramo ndiwo za curry, koma ana muwafunsire yosawawa chifukwa tsabola wa ku Durban ngakhale ife a kambuzi timapukuta thukuta.

Kuipa kwake ndi ndalama yoonjezera ya thiransipoti ndi malo ogona, sinanga ambiri a ife abale ali ku Joni, ku Durban ogona kwa achibale ndi ochepa. Pezani malo okhala ndi kitchini, ufa wa chimanga uli m'sitolo iliyonse kuno, mukaphika nokha m'mawa ndi madzulo ndalama yomwe mwapulumutsa ikwana tikiti ya munthu mmodzi kapena awiri.

Sun City ndiye ya zithunzi. Ili ku North West, pagalimoto maola awiri ndi theka kuchokera ku Joni, anaitsegula ndi Sol Kerzner mu 1979 dera limenelo likutchedwa Bophuthatswana, ndipo mbali ya Lost City ndi Valley of Waves inabwera mu 1992. Valley of Waves ndi gombe lochita kupanga pakati pa mapiri, mchenga woyera, migwalangwa, makina amatulutsa funde lalikulu pafupifupi mamita awiri pakapita kanthawi kalikonse, anthu n'kumakuwa. Pali silaidi yotchedwa Temple of Courage yotsika choongoka, ndi kamtsinje kaulesi kozungulira. Kukongola ndi kokongola, zoona, ukaponya pa status anthu akufunsa ngati uli kunja kwa Africa. Koma pa zitatuzi iyi ndi yomwe ndimaiika kumapeto kwa banja lobwera koyamba. Popanda galimoto kufikako n'kovuta ndipo kubwereka galimoto kumafuna laisensi ndi kadi ya ku banki yoti agwirepo dipoziti. Mahotela a mkatimo ndi odula, ngakhale Cabanas yomwe ndi yotsikirako, ndipo mukapita ngati alendo a tsiku limodzi mumathera maola asanu pamsewu kuti mukasambe maola anayi. Nyengo yozizira Valley of Waves amaitsekako masabata angapo kuti akonze zinthu, nde osangonyamuka osafunsa. Anyani akumeneko ndi akuba ngati a pa Zomba, chakudya m'manja mwa mwana amalanda.

Anthu amati ubwino wake ndi woti Pilanesberg ili pompo, mukaona mikango, njovu, zipembere. Zoona iliko ndipo kulibe malungo. Koma abale, kusintha makwacha movutikira chonchi kuti mukaone njovu? Majete ili ndi nyama zonse zisanu zikuluzikulu chibwerereni mikango mu 2012, Liwonde nayo ili ndi mikango ndi akakwiyo, mumalipira makwacha pa mtengo wa nzika. Ma randi anu agwire ntchito pa zomwe kwathu kulibe. Sun City isungeni ulendo wachiwiri, kapena wa awiriwiri ana atatsala ndi azakhali awo.

Dubai ndiikepo pang'ono poti masiku ano aliyense akuitchula. Kumeneko ndi ku Abu Dhabi zinthu zake ndi za msinkhu wina, Ferrari World ili ndi Formula Rossa yothamanga makilomita 240 pa ola mpaka amakuvekani magalasi oteteza maso, kuli Warner Bros. World, IMG Worlds of Adventure, Legoland, Motiongate, Aquaventure, simungazimalize. Koma pamafunika viza ya munthu aliyense, ndege yodutsira ku Addis Ababa kapena Nairobi, chilichonse mu ndalama zakunja, ndipo miyezi yomwe ana athu amakhala pa holide yaitali ndi yomwe kumeneko kumatentha kupitirira madigiri 40, ku Nsanje kuchepa. Kwa mwana woti sanakwerepo ngakhale chigudumu chozungulira, kusiyana kwa Anaconda ndi Formula Rossa sakuona, zonse akuwa chimodzimodzi. Ngati ndinu a bizinesi woti mumapitako kale kukaoda katundu, chabwino, onjezani masiku awiri mutenge mwana mmodzi wamkulu. Apo ayi dikirani. A ku UK inu nkhani yanu ndi ina, Alton Towers, Thorpe Park ndi Legoland Windsor zili pakhomo, ndipo Disneyland Paris kwa wa pasipoti ya Malawi ikufuna viza ya Schengen, yambani msanga.

Mwezi wopitira umatha kusintha yankho lonse. December aliyense amaufuna koma ndi woipitsitsa, sukulu za kuno zatsekera, mafakitale atseka, Joni yense wakhamukira ku Durban, mitengo ya malo ogona ili m'mwamba, pa 16 December, pa 26 ndi pa 1 January gombe limadzadza moti mchenga suoneka ndipo ana amasowa ambiri, Beitbridge nayo ndi pomwe imafika poipa. Ku Joni nthawi imeneyo masana kumakonda kugwa mvula ya ziphaliwali ndipo zikayamba zokwera zazitali amaimitsa, nde ngati ndi December yomweyo fikani pa geti akutsegula muyambe ndi zazikulu. Mwayi wathu ndi August. Ana a ku Malawi ali pa holide yaitali pomwe a kuno ali m'kalasi, mizere imakhala yaifupi, kupatula pa 9 August pomwe ndi holide ya amayi kuno ndi mawikendi. Kungoti Joni ili pamwamba, mamita 1,700 ndi kuposa, m'mawa wa August kumazizira kuposa ku Dedza ndipo kuli mphepo, majuzi ndi zipewa musasiye, za m'madzi ku Gold Reef mukwere masana dzuwa litakwera. Durban nthawi yomweyo kumakhala kofunda bwino, madzi ozizirako pang'ono koma osambika. Sun City mu August kusamba ndi kudzikakamiza.

Za ndalama sinditchula mitengo poti imasintha chaka ndi chaka, koma mutu womwe umapweteka ndi forex, si tikiti. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 aliyense akudziwa mmene kupeza ndalama zakunja kulili. Pitani ku banki kwanu kutatsala mwezi kuti munyamuke mukafunse kuti kadi yanu ikuloledwa zingati kunja, musadzazindikire muli pa kauntala anthu ali pambuyo panu. Ambiri amagwirizana ndi m'bale wa kuno, iye agula matikiti ndi kadi yake ya kuno, inu mupereka makwacha kwa amayi ake kumudzi, aliyense wapindula. Mukafika gulani SIM ya kuno, amalembetsa ndi pasipoti, chifukwa roaming idya ndalama ya aisikilimu yonse. Ndipo mwana aliyense mulembeni nambala ya foni ya kuno pamkono ndi bolopeni musanalowe pa geti, ndinataya wa zaka zisanu kwa mphindi khumi tsiku lina, mphindi khumi zimenezo ndinakalamba nazo.

Nde alamu anga omwe anaimba chaka chino, ali ndi ana atatu, wa zaka 14, wa 9 ndi wa 4, ndawauza chonchi. Abwere mu August pa ndege, tsiku loyamba asapite kulikonse, apume, ana akwere masitepe a mu mall mpaka akhute. Lachiwiri Gold Reef, wamkulu ndi bambo ake ku Anaconda, wa 9 timuyeza kaye pakhoma, tonse tikumana ku mgodi 2 koloko. Lachitatu kupuma ndi kuona abale, chifukwa mukapanda kuwaona mudzamva nkhani yake mpaka pa maliro. Kenako basi ya usiku kupita ku Durban, masiku atatu kumeneko, limodzi la uShaka lathunthu, lina la gombe, lina longoyenda. Sun City ndawauza kuti ayi ulendo uno. Akanakhala ndi ndalama ya malo amodzi okha ndikanati uShaka chifukwa cha wa zaka 4 uja, akanakhala ndi anyamata okhaokha akuluakulu ndikanati Gold Reef n'kubwerera. Wa zaka 9 uja akuti tsiku lililonse m'mawa akumaima pakhoma kudziyeza, pakali pano watsala ndi masentimita awiri ndipo wayamba kufunsa ngati nsapato za gogoda za amayi ake zikuloledwa.